Si Konkire, Achimwene

Lachisanu, 18 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tili bwino, kungopatula mawondo angawa amene mukuwadziwa kale. Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Ndinakuimbirani Lachitatu lija, koma mutangoti halo ndinaona kuti si nkhani ya pafoni, n'chifukwa chake ndinangokufunsani za nkhuku zanu ngati munthu wopanda nkhani. Nkhani ilipo, koma ndi yofuna munthu akhale pansi. Ndiye khalani pansi, valani magalasi, ndipo mukhululuke zilembo zokhotakhotazi, sukulu mukudziwa pomwe ndinalekezera.

Ndiyambe ndi kunena kuti ndine wokondwa, kuti mtima usakudumpheni. Ndakondwa moti dzulo ndinathira mchere mu tiyi n'kumwa mpaka kutha osamva kanthu.

Achimwene, pakona paja akumba.

Eya, pakona pa maluwa, kuseri kwa nyumba. Si ine ndinalamula, mukundidziwa, ndikanalola kudulidwa dzanja. Ndi mwana wanuyu. Chibwerereni kuno kudzagwira ntchito yoyeza dothi ndi miyala ku kampani ya misewu ija, mtsikanayu wandisandutsa mfumukazi, sandilola ngakhale kunyamula ndowa. Vuto lake ndi limodzi, matumba. Ukati umuchapire jekete, mwala. Thalauza, mwala. Pawindo la kuchipinda kwake palibenso poika sopo. Ndinamupatsa dzina loti Namiyala, ndipo akuvomera, ngakhale ana a mumsewu muno akumuitana choncho.

Ndiye Namiyala anaona momwe ndimavutikira kupita kuchimbudzi cha panja chija ndi mawondowa, anapangana ndi apulambala mwakachetechete kuti andiikire cha madzi m'nyumba. Icho chimafuna dzenje lalikulu panja. Apulambala atazungulira bwalo anati malo abwino ndi pakona pa maluwa, poti m'potsika. Anadikira Lolemba, tsiku langa la kuchipatala, kuti ndikabwera ndidzapeze zodabwitsa. Ndinazipezadi.

Ndili pa geti ndinamva ngwe! ngwe! Chitsulo kumenya chinthu cholimba. Miyendo inadziwa mutu usanadziwe. Ndinazungulira nyumba ndikugwira khoma, n'kupeza maluwa anga awazula bwinobwino, awaika m'zitini pamthunzi, dothi lili mulu, amuna awiri ali m'dzenje mitu yokha ikuoneka.

"Mwabwera, mayi!" anatero wamkulu mwa awiriwo akupukuta thukuta. "Koma pano pavuta. Pansi pano pali konkire. Ndani anathira konkire pansi penipeni chonchi? Munabisa golide?"

Mnzake kuseka. Apulambala kuseka. Ndipo agogo a kuseri kwa mpanda aja, alipobe, maso okha ndiwo sakalamba, anali atasuzumira kale pa mpata wa malata. Iwo sanaseke. Anangoti, "Paja malemu a pano anali omanga, eti?"

Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo ndi zovala za kuchipatala.

Achimwene, ndikudziwa mukukumbuka, koma ndilembabe, chifukwa chikulireni sitinazikambepo ndi pakamwa pa anthu akuluakulu. Madzulo aja, ife tili ana, kunali phokoso kuchipinda kwa makolo, mbale inasweka. M'mawa tinadzuka amayi kulibe. Bambo anatikhazika pakhonde, manja awo otuwa ndi simenti aja ali pamawondo, n'kunena mawu atatu okha: "Amayi anu atisiya." Ife tinkadziwa kuti akulu akati munthu watisiya ndiye kuti chiyani, tinali titamvapo pa imfa ya agogo athu. Tinayamba kulira, tinadikira anthu abwere, bokosi libwere, nyimbo ziyambe. Sikunabwere munthu. Nsapato za amayi za kutchalitchi zinali pomwepo kuseri kwa chitseko. Sabata yomweyo bambo anayamba kukumba pakona paja okhaokha, osaitana mnzawo, ndipo tsiku lina masana inu munasuzumira m'dzenjemo iwo atapita kukamwa madzi. Munabwera nkhope ili mbuu, munandikokera kuseri kwa chitseko komwe kunali nsapato kuja. Munati, "Pansi paja pali konkire. Amayi ali pansi pake." Mawa lake bambo anakwirira dzenjelo, anapondaponda.

Inu mutakula pang'ono munanyamuka, munalumbira kuti phazi lanu silidzapondanso pabwalo pano, ndipo mawu anu mumasunga, ngakhale pamaliro a bambo munasunga. Ine ndinatsala, ndinabzala maluwa.

Ndiye muone mmene ndinalili Lolemba, nditakhala padothi, amuna akundifunsa za golide.

Apulambala anaimbira Namiyala kuti ntchito yaima. Anabwera ndi galimoto ya kuntchito, majombo ali kumapazi, kanyundo kake kosongoka kali m'chiuno. Anandiyang'ana n'kuti, "Azakhali, pepani za maluwa, sanafe, ndiwabzalanso." Ndinkafuna kukuwa kuti usalowemo mwanawe, muli agogo ako, koma iye sanadikire. Anatsika pa makwerero. Ndinamva akusesa ndi manja, kenako kho! kho! kanyundo kaja. Kenako zii.

Ndinakwawa mpaka m'mphepete kuti ndione. Achimwene, mwana amene munavutika naye sukulu zonse zija anali atagwada m'dzenje akunyambita mwala. Ati ukanyowa umaoneka bwino. Anatulutsa kagalasi kokuza zinthu, anayang'ana, anayang'ananso, kenako anakuwa ngati wawina mpikisano.

"Azakhali! Muli ndi mtsinje kuseri kwa nyumba!"

"Mtsinje uti, achemwali?" anatero apulambala. "Iyo ndi konkire. Ine ndaswa konkire chiyambire ndili mnyamata."

"Ndiye mwaonapo zitsulo mmenemu?"

"Ena sankaika zitsulo."

"Chabwino. Nanga miyalayi? Ya konkire imakhala ya kwale, yoswa ndi makina, yakuthwa m'mbali. Iyi ndi nsangalabwi, yosalala ngati mazira."

"Kale amisiri osauka ankatola ya kumtsinje," anatero apulambala. Ndipo mtima wanga, umene unali utayamba kudzuka, unagwanso, chifukwa bambo athu anali mmisiri wosauka.

Koma mwana wanu satekeseka. Anati, "Apo mwanena zoona, kusalala kokha sikokwanira. Tabwerani muone izi." Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanunso azakhali, tsikani, ndikugwirani."

Ndinatsika, achimwene. Ine wa mawondo, ine amene zaka zonsezi sindinkalola ngakhale madzi otsukira mbale kutayidwa pakona paja, ndinatsika n'kupondapo ndi mapazi anga awiri. Panali pozizira. Ndinkapepesa chamumtima.

Okumba aja anali ataswako mbali imodzi mpaka kuya kwa mkono, ndiye m'kati mwake munkaoneka ngati buledi wodula. Namiyala anatenga chala changa n'kumachiyendetsa. Anati taonani, pansi apa miyala ikuluikulu, pamwamba pake yocheperako, kenako timiyala tating'ono, kenako mzere wa mchenga wokhawokha, ndiye yayambiranso ikuluikulu. Anawafunsa apulambala kuti kodi fosholo imasanja choncho? Fosholo imasakaniza zonse pamodzi. Chimene chimasanja ndi madzi. Akakhala aukali amakoka miyala ikuluikulu, akamafooka amasiya ing'onoing'ono, akatopa amasiya mchenga. Chigumula china chikabwera ayambiranso.

Anandionetsanso kuti miyala yaphwatalala yonse yapendekera mbali imodzi, ngati anthu oimirira m'basi dalaivala akaponda buleki. Anati madzi ndiwo anaikankha choncho, ndipo ukayang'ana kopendekera umadziwa komwe mtsinjewo unkalowera. Anaimirira, analoza ndi kanyundo kudutsa pakona pa nyumba. "Unkapita uko, cha ku geti."

Apulambala anali akukandabe mutu. Ndiye Namiyala anati ndimutengere viniga kukhitchini. Tinatuluka tonse, anapita pa sitepe ya pakhonde ija, imene bambo anathira okha ife tili ana, ija ili ndi kaphazi kanu pakona. Anabenthulako kachidutswa. M'kati mwake munali motuwa ngati phulusa, miyala yake yakuthwa. Anadonthezapo viniga n'kundipatsa kagalasi kaja, ndinaona timathovu tikutuluka. Anadontheza pa chidutswa cha m'dzenje, chimene chomatira chake ndi chofiirira ngati dzimbiri. Chete. Kungonyowa basi. Anati ilipo miyala ina yotere imene imachita thovu, koma uwu chomatira chake ndi mchenga ndi dzimbiri la m'nthaka, mulibe simenti ngakhale kadontho.

Anandiikira zidutswa ziwirizo m'manja, china uku china uku. Anati, "Ichi ndiye dzanja la agogo. Ichi si chawo. Ichi sanapange munthu."

Dzina lake anandiuza, ati kongolomereti. Ine ndinangomva kongola, ndiye sindikudziwa ngati ndi kukongola kwa nkhope kapena kuja kwa ngongole. Mmene anafotokozera, kalekale pano pankadutsa mtsinje waukulu. Unasiya miyala ndi mchenga, zinakwiririka, zinapsinjika, madzi a pansi n'kumazimata pang'onopang'ono mpaka zonse zinagwirana kukhala thanthwe limodzi. Konkire ya Mulungu, anatero wokumba wamkulu uja, ndipo apulambala anati chabwino, koma piki yanga yapindika, kaya ndikadandaule kwa Mulunguyo.

Anthu atabalalika ndinamukokera pambali. Ndinati, "Iwe, tandiuza. Pansi pa chimwalachi pangathe kukhala kanthu? Kaya galu, kaya chiyani, choti munthu anaikapo?"

Anaseka. Anati, "Azakhali, mwala uwu unagona pano dziko lisanaone phazi la munthu. Wapita pansi mwina kuposa kutalika kwa nyumbayi, ndipo wayala pansi pa msewu wonse uno. Palibe anautsegulapo." Kenako anandiyang'anitsitsa, kuseka kuja kunatha. Ali ndi maso anu mwana ameneyu. Anatsikanso m'dzenje, anasesa pakati, n'kundiitana kuti ndisuzumire. "Koma winawake anafikapo apa kale. Dothi la pamwambali ndi lobwezera, okumba anandiuza kuti linali lofewa. Ndipo onani zipsera izi, si za lero, zadetsedwa. Anamenya apa ndi piki, anamenya apa, anayesa apa. Anatopa, anakwirira. Ayenera kuti ankafuna chimbudzi."

Achimwene, chimbudzi chathu cha panja chija, cha pafupi ndi mgwafa, chinakumbidwa liti? Si mwezi womwewo? Ine ndinali nditaiwala. Chakale chija chinali chitadzadza, amayi ankadandaula tsiku ndi tsiku. Mwina phokoso la madzulo aja linali la chimbudzi. Mwina munthu ankakumba kuti mkazi wake akabwerera adzapeze chatsopano.

Sindinamuuze kanthu mwana wanu. Ndinati dzuwa landilowa m'maso. Ngati n'koyenera kuti adziwe, mudzamuuza ndinu bambo wake.

Mawa lake anandikweza galimoto kupita kuseri kwa depoti ya mabasi, paja anadula phiri popanga msewu. Mwala womwewo, achimwene! Chikhoma chachitali kuposa basi, mizere yomweyo, nsangalabwi zomwezo zitapendekera mbali imodzi. Anthu amamatapo mapepala a misonkhano, amuna amataya madzi pomwepo. Ine ndadutsapo moyo wanga wonse popita kumsika, mutu uli pansi, osayang'ana. Inunso munadutsa pomwepo tsiku lonyamuka lija. Tikanangotembenuza khosi. Ndipo agogo a kuseri kwa mpanda, atamva zonse, akuti, "Aa, nafenso pokumba chathu tinaupeza, amuna anga anathyola mapiki awiri." Zaka zonsezi amandiyang'ana ndi maso aja, osanena. Paja amati safunsa anadya phula. Ife tadya phula mpaka imvi.

Ndiye ndi chimenecho chimwemwe changa. Bambo athu sanaphe munthu. Ndalemba, taonani, ndilembenso. Bambo athu sanaphe munthu. Anati amayi anu atisiya, ndipo ankanena zomwezo basi, kuti atisiya. Ndife tinamva zina. Lachitatu ndinavina m'khitchini ndekha mawondo omwewa, mpaka Namiyala anabwera kudzaona ngati ndagwa. Sindinu mwana wa chigawenga, achimwene. Ana anu alibe magazi amene munkawaopa aja. Mungathe kupachika chithunzi cha bambo pabalaza, ndili nacho chimodzi cha pa chiphaso, tikhoza kuchikulitsa.

Pali tinthu ting'onoting'ono tokha timene tikundizungulira m'mutu, si todetsa nkhawa ayi, ndingokuuzani poti ndinu mlongo wanga.

Mpando wa bambo uja. Mukukumbuka kuti madzulo alionse akaweruka ankautulutsa pakhonde n'kukhala chofulatira kuseri? Inu munkati akulephera kuyang'ana pakona. Ine ndinakhulupirira zimenezo mpaka tsiku lomwe anamwalira. Dzana ndinakhalapo pampandopo, pamalo pake pomwe, miyendo yake inasiya timaenje pa simenti. Achimwene, ukakhala pamenepo umayang'ana geti. Umaona msewu wonse mpaka pokhota. Ndipo geti lija, paja ankakana kuti tiziikapo loko, ngakhale nthawi ija akuba anavuta. Nyumba ankaipaka penti yobiriwira yomweyomweyo, ndikati tisintheko ankati anthu angasochere. Ine ndinkati m'mtima, anthu ake ati, nkhalamba yoipa iwe.

M'masiku awo omaliza, maso atachita khungu, geti likangolira ankadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Ndani?" Ndinkayankha kuti mphepo. Ndinkawasamala, musaganize kuti sindinkawasamala, sanagonepo ndi njala, zovala zinali zochapa. Kungoti mbale ndinkaiika patebulo n'kutuluka. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kuti, "Mwana wanga, ndinakulakwirani chiyani, iwe ndi mlongo wako?" Ndinati madzi akuwira pamoto. Tisakambe zimenezo, kalata ino ndi ya chimwemwe.

China ndi nsapato. Za kutchalitchi zinatsala, inde. Nanga zansalu zija, zimene ankayenda nazo kumsika, munaziona liti komaliza? Ine ndayesa kukumbuka, sindikuziona paliponse m'nyumba muno chichokere m'mawa umene uja. Ndi chipeso chawo chofiira chija.

Ndiye m'mawa uliwonse ndimadzukabe ndi kandowa kanga kothirira. Zaka zonsezi ndinkayamba tsiku pakona paja. Ndinkawauza amayi zonse, za ukwati wanga uja ndi kutha kwake, za kubadwa kwa ana anu, za mitengo ya zinthu, ngakhale za mawondo. Namiyala atafika kuno ndinapita naye pomwepo ngati ndikumuonetsa maluwa, koma ndinkamuonetsa kwa agogo ake. Tsopano ndimafika m'mphepete mwa dzenje, ndimayang'ana pansi, pali mtsinje wouma umene sunandimvepo. Ndimaima ndi kandowa osadziwa kothira. Mwana wanu wandibwezera bambo, koma amayi ndinali nawo pakona, ndipo pano sindikudziwa komwe ali. Munthu wa pansi pa konkire sakanatha kubwera. Koma uyu anali ndi miyendo, achimwene, ndipo geti linali losatseka.

Komabe ndine wokondwa. Musamve ngati ndikudandaula.

Pempho langa ndi ili. Apulambala akumba dzenje lina kumbali ya mgwafa, kumene mwalawo uli pansi kwambiri, ndipo akufuna akwirire ili mvula isanayambe, ati mungagwere mwana. Ine ndaikapo malata ndi njerwa, ndawauza kuti silikwiriridwa mpaka mwini wake wa maso amene anaona konkire adzaonenso. Bwerani, achimwene. Lumbiro lanu linali la bwalo limene muli manda, ndipo bwalo limenelo kulibe, silinakhalepo. Mudzatsike nokha, mudzaike chala m'zipsera za piki zija. Kenako tidzapite limodzi kumanda a bambo. Ine ndinanyamuka dzulo, ndinafika pachipata n'kubwerera, sindinadziwe poyambira. Inu ndinu wamkulu, mudzayamba ndinu, ine ndidzangovomereza.

M'kaphukusi kamene kabwere ndi kalatayi muli zidutswa ziwiri, ndazikulunga mu mpango. Chotuwacho ndi cha sitepe, chofiiriracho ndi cha m'dzenje. Viniga muli naye kumeneko.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mwana wawo akudya bwino ndipo wanenepa, kungoti akunyambita miyala. Moni kwa anyamata onse awiri, ndi kwa mpongozi wanu, ndi kakhanda kaja kamene sindinakanyamulebe. Namiyala akupereka moni, akuti mumubweretsere mabuku ake a m'katoni. Agogo a kuseri kwa mpanda akuti akukumbukani muli ndi kabudula wong'ambika.

Ndipo poti inu mumayenda m'matauni ambiri ndi ntchito yanuyo, mukadzaona mayi wokalamba penapake, kaya pamsika, kaya pa benchi ya kuchipatala, wamfupi, wa mpata m'mano a m'mwamba, wa chipsera cha moto padzanja lamanzere, musadzamufunse kanthu. Mudzangomupatsa moni. Mudzamuuze kuti chimbudzi chija chinakumbidwa, nyumba ikadali yobiriwira, ndipo loko sitinaikebe.

Ndalembera pakhonde, pampando uja. Geti langolira kumene, koma ndi mphepo.

Ndine mlongo wanu wokondwa,
uja anatsala ndi maluwa.